Rilke sadakule ngati mtengo

Pa 23 Epulo 1903, ali ku Viareggio, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Italy, Rainer Maria Rilke, mlakatuli wolemba m'Chijeremani, adalembera kalata mnyamata wina wophunzira usilikali, Franz Xaver Kappus, amene adamutumizira ndakatulo zake kuti aziunike. M'kalatamo adamulangiza kuti munthu waluso sawerengera zaka, koma amakhwima ngati mtengo umene suumiriza madzi ake kukwera msanga, umene umaima chilili pakati pa mkuntho osaopa kuti mwina nyengo yofunda siidzafika. Makalata amenewo adasindikizidwa mu 1929, mwini wake atamwalira kale, ndipo kuchokera pamenepo fanizo la mtengo lakhala likubwerezedwa ngati kuti ndilo likulongosola bwino m'mene mlakatuli ameneyu adakulira. Ine ndikukana. Malangizowo ngokoma kuwamva, koma amene adawapereka sadawatsate, ndipo zikadakhala kuti adawatsata, bwenzi lero dzina lake likudziwika kwa akatswiri owerengeka okha a mbiri ya mzinda wa Prague.

Tiyambe ndi mwezi womwewo wa Epulo. Masiku ochepa asadalembe kalatayo, Rilke adali atangomaliza gawo lachitatu la buku lake la mapemphero, Das Stunden-Buch, gawo lonse lathunthu m'sabata imodzi yokha. Adali atathawa ku Paris chifukwa mzindawo udamuopsa, ndipo posakhalitsa adabwererako. Munthu wotere, wolemba mwaliwiro ngati akuthamangitsidwa, wosamuka mzinda ndi mzinda atanyamula sutikesi, si mtengo. Chimene ndikuchiona m'zaka zake zoyamba, kuyambira 1894 mpaka 1908, n'chakuti adakula chifukwa chosuntha, chifukwa cholola anthu ena kumudzudzula ndi kumuwongola, ndiponso chifukwa choti adaphunzira kusamutsa kuyenda kumene kudali m'ndakatulo zake, kukuchotsa pamtima pake n'kukuika m'chinthu chimene akuchiyang'ana.

Adabadwa pa 4 Disembala 1875 ku Prague, mzinda umene panthawiyo udali pansi pa ufumu wa Austria-Hungary, ndipo olankhula Chijeremani adali ochepa pakati pa khamu la olankhula Chitcheki. Bambo ake, Josef, adafunitsitsa kukhala mkulu wa asilikali koma adathera ku ntchito ya njanji. Mayi ake, Sophie, amene adatayapo mwana wamkazi ali wakhanda, adamuveka mwanayo zovala zachitsikana ali wamng'ono. Makolowo adalekana, ndipo mu 1886 mnyamatayo adatumizidwa ku sukulu ya usilikali ku St. Pölten, n'kumazunzika mumtima kufikira pamene adasiya maphunziro a usilikali mu 1891. Za ubwana wake zalembedwa zambiri ndipo sindikhalitsapo. Chimene chikukhudza nkhani yathu ndi chilankhulo: Chijeremani cha ku Prague chidali cha m'mabuku, cha m'maofesi ndi cha m'nyumba za anthu opeza bwino, chopanda midzi yochizungulira kumene chikadatunga mawu a mlimi kapena a mmisiri. Rilke mwini adadandaulapo pambuyo pake za kuuma kwa chilankhulo chimene adakulira nacho. Mnyamata wa khutu lakuthwa akapatsidwa mawu ochepa otere, amayamba kuwaimbitsa m'malo mowagwiritsa ntchito, ndipo ndi zimene zidachitika.

Buku lake loyamba, Leben und Lieder, lidatuluka mu 1894 ali ndi zaka 18, ndipo ndalama zosindikizira adalipira ndi chibwenzi chake cha nthawiyo, Valerie von David-Rhonfeld. Padatsatira Larenopfer, Traumgekrönt ndi Advent, onse asadakwanitse zaka 23, kuwonjezera pa timabuku tina totchedwa Wegwarten timene ankasindikiza yekha n'kumagawa ulere. Amene angawerenge mabuku amenewa mokweza, ngakhale atakhala kuti Chijeremani amachimva pang'ono, amva kuti mawu akutsetsereka popanda chopunthwitsa. Mawu otsiriza m'mizere amagwirizana mamvekedwe mosavuta, ngati kuti akuitanana okha, ndipo nthawi zambiri zimaoneka kuti liwu lasankhidwa chifukwa likumveka ngati linzake, osati chifukwa likunena zoona za chinthucho. Larenopfer, mutu umene ukutanthauza nsembe zoperekedwa kwa milungu ya pakhomo ya Aroma akale, ndi ulendo woona malo mumzinda wa Prague: matchalitchi, nsanja, nyumba yachifumu ya pa phiri, nyimbo za anthu wamba a Chitcheki zimene mlakatuli akuti zimamukhudza mtima. Ndakatulo yoyamba m'bukumo imamuika munthu m'nyumba yakale akuyang'ana mzinda wonse uli pansi pake. Mzindawo waima, woyang'anayo waima, chimene chikuyenda ndi nyimbo ya mawu yokha. Zili ngati madzi a pathanthwe mvula itagwa: akuthamanga ndithu, akunyezimira, koma palibe pamene akulowa.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti ndakatulo zambiri za nthawiyi n'zofooka, ndipo mwini wake ankadziwa. Buku loyamba lija sadafune kuti lisindikizidwenso. Palibe chimene chikadamuchititsa mnyamata ameneyu kusintha akadakhala kwawo, chifukwa kwawoko adali atayamba kale kutchuka, akuchita nawo magulu a olemba, akulemba masewero a zisudzo ndi nkhani za m'manyuzipepala. Akadadikira ngati mtengo, bwenzi atabereka zipatso zomwezo chaka ndi chaka.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1896 adasamukira ku Munich, ndipo mu Meyi 1897 adakumana ndi Lou Andreas-Salomé, mayi wobadwira ku St. Petersburg, wolemba mabuku wodziwika kale, wamkulu kwa iye ndi zaka 14. Kawirikawiri nkhani ya awiriwa imafotokozedwa ngati ya chikondi chabe, koma kwa ine chachikulu n'chakuti Lou ndiye adali munthu woyamba amene Rilke ankamulemekeza yemwe sadatengeke ndi kukoma kwa mizere yake. Adaona kuti mnyamatayo akuchulutsa mawu ndi kukokomeza zakukhosi, ndipo sadamubisire. Adamusinthitsa dzina kuchoka pa René kukhala Rainer. Ngakhale kalembedwe ka pamanja ka Rilke kadasintha m'miyezi imeneyo, kuchoka pa zilembo zothamanga kukhala zilembo zoongoka, zooneka bwino, zofanana ndi za Lou. Munthu angaseke kuti kusintha zilembo n'kachinthu kakang'ono, koma mlakatuli amene wavomera kuti dzanja lake liyende pang'onopang'ono papepala wavomera chinthu chachikulu, pakuti wayamba kukayikira liwiro limene kale ankaliyesa mphatso.

Ndi Lou yemweyo adapita ku Russia kawiri, mu 1899 ndi mu 1900. Adaona Pasaka ku Moscow, adakumana ndi wolemba mabuku wotchuka Leo Tolstoy, ndipo paulendo wachiwiri adafika ku Kiev n'kuyenda pa mtsinje wa Volga. Atabwerera paulendo woyamba, ali ku Schmargendorf kufupi ndi Berlin, adalemba ndakatulo zoposa 60 pakati pa 20 Sepitembala ndi 14 Okutobala 1899, zimene zidadzakhala gawo loyamba la Das Stunden-Buch. Wolankhula m'ndakatulozo ndi mmonke wa ku Russia wojambula zithunzi zopatulika, amene akucheza ndi Mulungu ngati mnansi wake wa kuseri kwa khoma. Imodzi mwa ndakatulo zoyambirira m'bukumo ndi imene ndikufuna tiiyang'anitsitse, chifukwa ndi pamene kukula ndi kuyenda zikukumana poyera. Ili ndi mizere 8 yokha. M'ndime yoyamba wolankhulayo akunena kuti moyo wake amaukhala m'mikombero yomka nikula, yoyala pamwamba pa zinthu, ndipo ngakhale mwina mkombero wotsiriza sadzaumaliza, adzayesabe. M'ndime yachiwiri akuti akuzungulira Mulungu, nsanja yakalekale, ndipo wakhala akuzungulira kwa zaka zikwizikwi osadziwabe ngati iye ndi mphamba, mkuntho kapena nyimbo yaikulu.

Amene adaonapo thunthu la mtengo litachekedwa amadziwa mizere yozungulira ija, wina kunja kwa unzake, ndipo n'kwapafupi kuganiza kuti ndime yoyamba ikutsimikiza fanizo la mtengo. Koma ndime yachiwiri ikulichotsa fanizolo pansi n'kuliulutsa. Mkombero suli m'thunthu ayi, uli mumlengalenga, ndipo wousiya ndi mbalame imene ikuzungulira chinthu chimene siingachifikire. Apa pali kupita patsogolo kwenikweni poyerekeza ndi Larenopfer, chifukwa tsopano kuyenda kwalowa m'ganizo lenilenilo, sikuli m'mamvekedwe okha. Aneni ndiwo akunyamula ndakatuloyo, ndipo munthu akaiwerenga mokweza amamva mpweya wake ukutalika mzere ndi mzere. Komabe tiwerenge mlowam'malo wa Chijeremani wotanthauza kuti ine: m'mizere 8 akupezeka kasanu ndi kawiri. Zinthu zimene mikombero ikuyalapo sizikutchulidwa ndi dzina ngakhale chimodzi. Mulungu mwini wangokhala mzati wozungulirapo. Funso lomaliza silikufunsa kuti nsanjayo n'chiyani, likufunsa kuti wozungulirayo ndi yani. Ndakatuloyi ndimaikonda, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu ambiri amaiwerenga pamaliro ndi pamapemphero m'maiko olankhula Chijeremani, koma ndi ndakatulo ya mnyamata wa zaka 23 amene dziko lonse kwa iye ndi bwalo lodziyeserapo msinkhu.

Kenaka padadza Worpswede, mudzi wa ojambula kufupi ndi Bremen, kumene adaphunzira kuyang'ana chigwa ndi mitambo pamodzi ndi anthu amene ntchito yawo idali kuyang'ana. Lou adamusiya kumayambiriro kwa 1901; mu Epulo chaka chomwecho adakwatira Clara Westhoff, wosema ziboliboli amene adaphunzirapo kwa Auguste Rodin, katswiri wa luso lomwelo wa ku France, ndipo mu Disembala kudabadwa mwana wawo, Ruth. Ndalama zidavuta, ndipo mu Ogasiti 1902 Rilke adapita ku Paris kukalemba buku lonena za Rodin, limene lidatuluka mu 1903. Chimene adakachiona kwa mkuluyo chidamuchititsa manyazi. Rodin, munthu wa zaka zoposa 60, sankadikira kuti mzimu umugwere. Ankalowa m'nyumba yake yogwirira ntchito m'mawa uliwonse n'kugwira dongo, ndipo yankho lake pa mafunso a mlakatuli wachinyamatayo lidali lakuti munthu azigwira ntchito nthawi zonse. M'makalata amene adalembera Lou m'chilimwe cha 1903, atayambanso kulemberana, Rilke akuvomera kuti iye alibe ntchito ya manja yotere, ndipo akufunsa kuti chida cha mlakatuli chili kuti. Ameneyutu ndi munthu yemwe uja amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankauza Kappus za kudekha kwa mtengo.

Ambiri amafotokoza kuti kwa Rodin adaphunzira kuimitsa zinthu, kulemba ndakatulo zolimba ngati mwala. Zimenezi n'zoona pang'ono chabe. Ndakatulo imene aliyense amaitenga ngati chiyambi cha kalembedwe katsopano, Der Panther, yolembedwa m'miyezi yake yoyamba ku Paris, ndi yonena za kuyenda kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. Rilke adaima patsogolo pa khola la nyalugwe kumalo osungirako nyama ku Jardin des Plantes, ndipo adalemba mizere 12 m'ndime zitatu. Choyamba chodabwitsa n'chakuti nyamayo ikutchulidwa pamutu pokha; m'kati mulibe dzina lake, mulibe mtundu wa ubweya wake, mulibe mano kapena zikhadabo. Ndime yoyamba ikunena za kuyang'ana kwa nyamayo, kumene kwatopa ndi kudutsa kwa zitsulo za khola kufikira kuti sikusunganso kanthu. Taonani amene akudutsa: si nyama imene ikudutsa zitsulo, ndi zitsulo zimene zikudutsa pamaso pa nyama. Tonse tikudziwa kuti zitsulo zakhazikika m'simenti, koma kwa cholengedwa chimene chayenda uku ndi uku tsiku lonse, kwa zaka, ndi zitsulozo zimene zikuoneka zikuyenda, ndipo mlakatuli walowa m'maso mwake popanda kutiuza kuti walowa. Nyamayo ikuona ngati zitsulozo zilipo chikwi, ndipo kuseri kwake kulibe dziko. Mawu a m'mizereyo abwerezabwereza liwu limodzi lomwelo la Chijeremani, kotero kuti khutu nalo limamva zitsulo zikudutsa. Luso lakale lija logwirizanitsa mamvekedwe lilipobe, koma tsopano lapatsidwa katundu woti linyamule.

Ndime yachiwiri ikunena za kayendedwe kofewa ka mapazi amphamvu, kamene kakuzungulira mumkombero waung'ono kwambiri, ngati gule wa nyonga wovinidwa mozungulira pakati pamene chifuniro chachikulu chaima chitachita dzanzi. Ndime yachitatu ikuti nthawi zina chinsalu cha diso chimakwezeka mwakachetechete, chithunzi chimalowa, chimayenda m'ziwalo zimene zili zii koma zokungika, ndipo chikafika mumtima chimatha. Mzere wotsiriza ndi waufupi kuposa ina yonse. Uli ndi maphatikizo 8 pamene inzake ili ndi 10 kapena 11, ndiye kuti wowerenga amatsala ndi mpweya m'kamwa, akuyembekeza phazi lina limene silikubwera. Amene adaphunzira malamulo a chiganizo aone ichi: mwininkhani m'ziganizo zimenezi ndi kuyang'ana, kayendedwe, chinsalu ndi chithunzi. Nyalugwe sachita kanthu, zinthu zimangomuchitikira. Ukapolo wake walembedwa m'mamangidwe a chiganizo, ndipo palibe pamene mlakatuli akunena kuti wamva chisoni.

Tsopano tiike ndakatulo ziwirizi pamodzi, popeza zalekana ndi zaka zitatu zokha. Zonse zili ndi mkombero ndi pakati pake. Mu 1899 mkombero ukunka nukula, pakati pali Mulungu, wozungulira ndi ine wotchulidwa kasanu ndi kawiri. Ku Paris mkombero wachepa kufika pamapeto, pakati pali chifuniro chochita dzanzi, ndipo liwu loti ine silikupezeka n'kamodzi komwe. Chithunzi n'chimodzi, koma chatembenuzidwa. Ndi chifukwa chake sindivomereza kuti Rilke adasiya kuyenda n'kusankha kuima, ndiponso sindivomereza kuti adangowonjezera mkombero wina kunja kwa wakale monga umachitira mtengo. Adatenga chimene adali nacho kale n'kuchipanikiza m'khola la mizere 12 kufikira chitayamba kulemera. N'zoonekeratu kuti munthu wosungulumwa uja, mlendo wosauka mumzinda umene unkamuopsa, ali m'kati mwa nyalugweyo. Koma kuti alowemo adayenera kuyamba waima nthawi yaitali kunja kwa khola, akuyang'ana mapazi a nyama m'malo mwa mtima wake.

Pali zonditsutsa ziwiri zimene sindingazilambalale. Choyamba n'chakuti owerenga ambiri, kuyambira pamene Das Stunden-Buch lidatuluka mu 1905, akhala akulikonda kuposa ndakatulo za ku Paris, ndipo angafunse kuti ine ndine yani kunena kuti kuzizira kwa Der Panther ndiko kukula, pamene kutentha kwa mapemphero aja ndiko kumatonthoza anthu. Funsoli ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulanda munthu buku limene lidamuthandiza pa tsiku lovuta. Koma ndipempha kuti tione gawo lachitatu, lolembedwa ku Viareggio, lonena za umphawi ndi imfa. Rilke adali ataona amphawi a ku Paris, odwala oima pazipata za zipatala, okalamba ogona m'misewu, ndipo m'makalata ake adawafotokoza moopsa ndi mosabisa. Koma m'ndakatulozo, nyimbo yakale itamugwira, adafika polemba kuti umphawi ndi kuwala kwakukulu kochokera m'kati. Mzere umenewu wadzudzulidwa kwambiri, ndipo n'koyenera, chifukwa aliyense amene adagonapo ndi njala akudziwa kuti m'mimba mopanda kanthu simuwala. Sindikhulupirira kuti adafuna kunama. Ndikuganiza kuti mawu otsetsereka adamutenga n'kumufikitsa pamene maso ake sadamutume. Ngozi ya kalembedwe kake koyamba idali imeneyi, kuti kankatha kunena chilichonse mokoma, choona ndi chabodza mofanana.

Chonditsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyamba. Wina anganene kuti m'mera mpoyamba, ndipo zonse zimene ndikuzitamanda m'ndakatulo za ku Paris zidali kale mwa mnyamata wa ku Prague: khutu lakuthwa, chizolowezi chodumphitsa chiganizo kuchoka pamzere wina kupita pa unzake, kukonda zinthu zazing'ono zimene ena sazisamala. Ngati zili choncho, ndiye kuti mtengo uja ndi woona ndithu. Pamenepa ndivomera theka. N'zoona kuti Rodin sadamupatse khutu, ndipo Lou sadamuphunzitse kugwirizanitsa mamvekedwe. Ngakhale m'buku la Das Buch der Bilder, limene lidatuluka mu 1902 n'kukulitsidwa mu 1906, muli ndakatulo za nyengo ya kugwa kwa masamba zimene zaima pakati pa kalembedwe kakale ndi katsopano, kusonyeza kuti kusinthako sikudachitike usiku umodzi. Koma mbewu kukhalapo sikutanthauza kuti ikadamera yokha mwanjira imeneyi. Luso lomwelo lodumphitsa chiganizo lidali chokometsera chabe mu 1896. Mu 1906 lidakhala mutu weniweni wa ndakatulo. Umboni ndi Römische Fontäne, yonena za kasupe womangidwa ndi miyala m'munda wa Borghese ku Rome. Ndakatulo yonseyo, mizere 14, ndi chiganizo chimodzi. Madzi akutsika kuchoka m'beseni lapamwamba kupita m'lapansi limene likuwadikira, ndipo chiganizocho nachonso chikusefukira kuchoka pamzere kupita pamzere, kuchoka pandime kupita pandime, osapuma kufikira dontho lomaliza. Chakumapeto madziwo akufalikira m'beseni mwawo mkombero kutuluka mumkombero, popanda kupukwa kwawo. Mikombero yokula ya 1899 yabwereranso, koma tsopano ndi ya madzi enieni, m'beseni limene munthu angapite kukaligwira, ndipo palibe amene akufunsa ngati iye ndi mphamba kapena mkuntho. Kuti luso lisinthe ntchito chotere pamafunika munthu wosankha, wokana zina mwa zimene amazichita mosavuta, ndipo mtengo susankha.

Chaka chomwecho adalemba Das Karussell, yonena za chozungulira cha ana m'munda wa Luxembourg ku Paris, m'mene mahatchi, mkango ndi mbawala zamatabwa zikudutsa, ndipo njovu yoyera ikubweranso katatu pamzere wofanana, monga momwe imabwerera pamaso pa munthu woima pambali. Sindikhalitsapo, chifukwa mfundo ndi yomweyo. Ndakatulo zimenezi zidasonkhanitsidwa m'mabuku awiri a Neue Gedichte, mu 1907 ndi 1908, ndipo lachiwiri adalipereka kwa Rodin. Mu Okutobala 1907 ankapita pafupifupi tsiku ndi tsiku kukaona zithunzi za Paul Cézanne pa chionetsero cha Salon d'Automne, n'kumalembera Clara zimene waona. Chimene adasirira mwa wojambulayo n'chakuti sankajambula kuti aonetse chikondi chake pa chinthu, ankajambula kuti chinthucho chikhalepo, chikondicho n'kuthera m'ntchito osatsalako. Mu Novembala 1908, m'ndakatulo yolira mlakatuli wachinyamata amene adadzipha, Wolf von Kalckreuth, adadzudzula alakatuli amene amagwiritsa ntchito chilankhulo ngati odwala, kuloza pamene pakuwawa, m'malo modzisandutsa mawu monga womanga tchalitchi amadzisandutsira mwala. Ndikawerenga chidzudzulo chimenechi sindikayika kuti ankanenanso za mnyamata wa ku Prague uja.

Kukula kotereku kudali ndi mtengo wake, ndipo wolipira sadali Rilke yekha. Ruth adakulira kwa agogo ake kufupi ndi Bremen, pamene bambo ake ankayang'ana nyama m'makola ndi ziboliboli m'nyumba zosungiramo zakale. Clara ndi iye sadakhalenso pamodzi kwa nthawi yaitali ngati banja. Ankadalira anthu olemera omuitana kukakhala m'nyumba zawo, ndipo ngakhale kwa Rodin, kumene adagwira ntchito yolemba makalata ku Meudon kuyambira chakumapeto kwa 1905, adachotsedwa mwadzidzidzi mu Meyi 1906 atasemphana pa nkhani ya makalata omwewo. Fanizo la mtengo limabisa zonsezi. Limapangitsa kuoneka ngati ndakatulo zidapsa zokha padzuwa, popanda amene adasiyidwa pakhomo, popanda mphunzitsi amene adakalipa, popanda Lou amene adanena kuti mizere iyi yachuluka mawu. Ndi chifukwa china chimene ndikulikanira, kuwonjezera pa kusalondola kwake: limamuchotsera munthu udindo pa zimene adasankha, zabwino ndi zoipa zomwe.

N'chifukwa chiyani nanga adauza Kappus za mtengo? Ndikuganiza kuti ankadzilangiza yekha. Munthu wa zaka 27, wothawa mzinda, wopanda malipiro okhazikika, amene wangoona m'nyumba ya Rodin kuti iye sadziwa kugwira ntchito tsiku ndi tsiku, adafunika kumva kuti nyengo yofunda idzafika, ndipo popeza padalibe womuuza, adauza mnyamata wina. Kudekha kumene ankakulalikira kudali chinthu chimene ankachisowa, ndipo pamene adakupeza, sikudali kudekha kodikira koma kwa munthu woima maola ambiri patsogolo pa khola ndi kabuku m'manja.

Mmene iye mwini adaonera zolemba zake zoyamba zikuonekera pa zimene adachita nazo atakhwima. Mabuku atatu a ku Prague ndi ku Munich, Larenopfer, Traumgekrönt ndi Advent, adalola kuti kampani ya Insel iwasonkhanitse mu 1913 pansi pa mutu wakuti Erste Gedichte, ndiko kuti ndakatulo zoyamba, koma Leben und Lieder lidatsala kunja. Buku lina la 1899, limene adalitcha Mir zur Feier, mutu wotanthauza kuti chikondwerero cha ine mwini, adalitenganso mu 1909, adakonza mizere yambiri m'katimo, ndipo polisindikizanso adalipatsa dzina lakuti Die frühen Gedichte, ndakatulo zoyambirira.